Musanapite ndi mbedza ku St. Joseph, tamvani kaye

Seputembala akangolowa, mtsinje wa St. Joseph umene umadutsa ku Mishawaka ndi South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, umayamba kulandira nsomba zochokera ku Lake Michigan: Chinook ndi coho (mitundu ya salmon) komanso steelhead (mtundu wa trout), zikukwera mtsinje monga achitira mpasa mu Bua. Wokulira kunyanja sangaugwire mtima. Pitani ndithu abale anga, koma mapepala akhale m'thumba.

Laisensi mumagula pa intaneti kwa a DNR, dipatimenti ya boma yoona za zachilengedwe. Ku Indiana muonjezere sitampa ya trout ndi salmon, chifukwa laisensi yokha sikwanira pa nsomba zimenezi.

Choti musaiwale ndi malire. Mtsinjewu ukachoka ku South Bend umalowa m'chigawo china, cha Michigan, n'kudutsa Niles, Buchanan ndi Berrien Springs, ndipo kumeneko laisensi ya Indiana ndi pepala chabe. Alipo mkulu wina amene amatenga anthu a kwathu kukawedza, amalandira ndalama pamanja, lisiti palibe. Ine ndi anzanga anatiuza ndi nkhope youma kuti mtsinje ndi umodzi, ndiponso chilolezo chake chimaphimba aliyense amene wabwera naye. Bodza lenileni. Anatiimika kumunsi kwa damu la Berrien Springs m'bandakucha, kukuzizira, ndipo dzuwa lisanakwere anatulukira wapolisi wa zachilengedwe. Anatifunsa mwaulemu, nayang'ana mapepala athu, n'kuyamba kulemba matikiti. Mkulu uja anali ataima poteropo akuseweretsa foni ngati sanationepo. Madzulo ake nambala yake sinkalowanso.

Faindi tinalipira, shifiti inatipita, koma chimene chimandidya mpaka lero n'chakuti tikiti yotere imalembedwa pa dzina lako. Fomu yofunsira unzika, N-400, imafunsa ngati unapatsidwapo tikiti ndi wamalamulo. Munthu wasunga mbiri yoyera zaka zonsezi, wina n'kudzaidetsa chifukwa cha dyera! Wokuperekezani aliyense amene akuti musavutike ndi laisensi, msiyeni pomwepo.

Ukonde musaganizireko n'komwe, kaya chilimira kaya ukonde wa udzudzu. Kukola nsomba pamsana kapena kumchira pokoka mbedza mwamphamvu, chimene amati snagging, n'koletsedwa. Yakodwa pena posakhala pakamwa, ibwezeni m'madzi ngakhale ikhale yaikulu bwanji. Pafupi ndi makwerero a nsomba a pamadamu musaponyepo chingwe. Ku Indiana malire ndi trout ndi salmon 5 patsiku, iliyonse yosachepera mainchesi 14, ndipo a ku Michigan ndi ena, muwawerenge panokha. Ndatopanso ndi anzathu otsatsa nsomba pa WhatsApp: yowedza ndi laisensi imeneyi sigulitsidwa, ngakhale kwa mlamu wanu.

Steelhead imakonda mazira a salmon omangidwa m'kansalu, oyendetsedwa ndi madzi pafupi ndi pansi. Oyamba kumene ayambire smallmouth bass m'malo a miyala, nyambo ya nyongolotsi imakwanira.

Salmon imafa ikaikira, choncho yofika mu Okutobala itada thupi, zipsepse zitayera, nyama yake ndi yolobodoka ndipo sikoma olo muiwambe. Yabwino ndi yowala ngati siliva. Musadzazenso firiji kuti muzidya tsiku ndi tsiku: nsomba zikuluzikulu za Lake Michigan zimasunga mankhwala a PCB ndi mercury, ndipo boma la Indiana ndi la Michigan amafalitsa malangizo a kadyedwe kake, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera.