Momwe Mungagwiritsire Ntchito TV Ngati Mapu a Masewero a Nkhani Apatebulo

Masewero monga Dungeons & Dragons, omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974, amaseweredwa ndi anthu atazungulira tebulo. Mmodzi amatsogolera nkhani, enawo amanena zimene anthu awo a m'nkhanimo akuchita, ndipo madayisi ndi amene amagamula ngati zatheka kapena zakanika. Nkhondo ikabuka pamafunika mapu a timabokosi oikapo tizidole, ndipo m'malo mojambula mapuwo pamanja, ambiri masiku ano amagoneka TV chagada patebulo n'kumawaonetsa pagalasi lake. Ntchito yonseyi yagona pa chinthu chimodzi: kabokosi kalikonse kooneka pagalasipo kakhale inchi imodzi yeniyeni, chifukwa kamaimira mafiti 5 m'nkhaniyo, ndipo tsinde la kachidole koimira munthu wamba limakwana ndendende pamalo otero.

Yambani ndi kusankha TV. Ya mainchi 32 (kukula kwa TV amakuyeza mopingasa, kuchokera pangodya ina kufika pa inzake) imaonetsa timabokosi pafupifupi 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, pamene ya mainchi 43 imafika pa 37 ndi 21, malo okwanira nkhondo zambiri popanda kulanda tebulo lonse. Chofunika kuposa kukula kwake ndi mmene imaonekera mukaiyang'ana cham'mbali, pakuti palibe wosewera amene adzaiyang'ane molunjika ngati pabalaza. Iyatseni, ikanipo chithunzi, kenako muyang'ane kuchokera kumbali zonse zinayi. Ngati mitundu ikufwifwa kapena kuda, amene adzakhale mbali imeneyo adzavutika. TV zokhala ndi galasi la mtundu wotchedwa IPS zimachita bwino pamenepa. TV yakale imene inasiya kugwiritsidwa ntchito panyumba ndi yokwanira, ndipo ya galasi la mtundu wa OLED ndi bwino kuipewa, chifukwa chithunzi chimodzi chikakhalapo maola ambirimbiri chingathe kusiya chipsera chosafufutika.

Mukaichotsa miyendo musaigoneke mwachindunji pathabwa, popeza mabowo otulutsira kutentha ali kumbuyo kwake ndipo akatsekeka TV imaonongeka msanga. Pemphani kalipentala akukhomereni chimango chamatabwa choikweza masentimita angapo, chokhala ndi mipata m'mbali yodutsa mpweya, ndipo mumukumbutse kusiya polowera zingwe ndi kabowo koyang'anizana ndi kadiso kolandira rimoti. Pamwamba pake yalani pulasitiki yolimba yoonekera mkati ya acrylic, yochindikala mamilimita 3 kapena kuchepera apo, kuti madayisi ndi tizidole tachitsulo zisakande galasi. Pulasitikiyo ikhale pafupi kwambiri ndi galasilo, chifukwa mpata ukakula, wokhala kumpoto ndi wokhala kumwera kwa tebulo amaona kachidole kamodzi kataima pa timabokosi tosiyana, ndipo mkangano umayambira pomwepo. Makapu a tiyi akhale patebulo lina.

Kenako lumikizani laputopu ndi TV pogwiritsa ntchito chingwe cha HDMI. Pa kompyuta ya Windows dinani batani la Windows limodzi ndi P, ndipo musankhe Extend osati Duplicate. Mukatero wotsogolera nkhani amaona mapu onse ndi misampha yake palaputopu, pamene osewera akuona zokhazo zimene iye waulula.

Mapulogalamu oonetsera mapu alipo angapo. Roll20 ndi Owlbear Rodeo amayendera pa intaneti, MapTool ndi yaulere ndipo imakhala pakompyuta panu, Foundry VTT imagulidwa kamodzi kokha n'kumayenderanso pakompyuta yomweyo. Kwa amene amawerengera bandulo, awiri omalizawa ndi othandiza kwambiri. Onse anayi ali ndi njira yophimbira mapu ndi mdima kuti zipinda zizionekera chimodzichimodzi pamene osewera akutsegula zitseko, ndipo m'kuona kwanga, ichi chokha ndi chifukwa chokwanira chovutikira ndi TV m'malo mwa pepala.

Tsopano tafika pa kuyeza, pomwe simuyenera kupupuluma. Poyamba lowani m'makonzedwe a chithunzi a TV n'kuiletsa kudula m'mphepete mwa chithunzi. Pa TV za LG njirayi imatchedwa Just Scan, ndipo za makampani ena zili ndi mayina ofanana nalo. Tsegulani mapu, aoneke pagalasi lonse, ndipo ikanipo rula. Musayeze kabokosi kamodzi, chifukwa kuphonya kwa milimita imodzi diso silikuona, koma pofika kumapeto kwa mapu kachidole kamakhala katadumpha mzere. Yezani timabokosi 10 tondondozana, ndipo mukulitse kapena kuchepetsa mapuwo mpaka titakwana masentimita 25.4. Pa TV ya mainchi 43 yokhala ndi mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 1920 m'litali, kabokosi kamodzi kamatenga mapikiselo pafupifupi 51. Nambala ya kukula kwa mapu imene mwapezayo ilembeni pakapepala n'kumata pachimango, kuti tsiku lina musadzayambirenso. Nkhondo ikayamba musakhudzenso kukula kwa mapu kapena kuwasuntha, popeza chithunzi chimayenda koma tizidole timatsala pomwe tinali.

Zotsala ndi zazing'ono. Chepetsani kuwala kwa TV kuti maso asatope ndiponso kuti isatenthe kwambiri, ndipo ngati babu lili pamwamba penipeni pa tebulo lizimitseni n'kuyatsa nyale yapambali, apo ayi lizinyezimira pakati pa mapu. Letsaninso dongosolo lozimitsa TV yokha, lomwe pa TV zambiri limagwira pakadutsa maola anayi rimoti isanakhudzidwe, nthawi imene masewero amakhala atafika pokoma. Popeza kuno magetsi amatha kuthima osatsanzika, jambulani tebulo ndi foni pakati pa nkhondo iliyonse yaitali, ndipo sungani pepala la timabokosi ndi cholembera pafupi, kuti muthe kukopera pomwe aliyense anaima n'kupitiriza nkhani.