Mukupita ku intavyu ya graphic design? Konzekerani chonchi

Yambani ndi portfolio, ndiye kuti zitsanzo za ntchito zomwe munapangapo, osati satifiketi. Pepala ndi lofunika inde, koma pa ntchito iyi anthu amafuna aone zomwe manja anu anapanga. Sankhani ntchito 8 kapena 10 zomwe mumazinyadira, osaunjika chilichonse chomwe munapangapo chiyambire. Ziikeni pa Behance, webusayiti yomwe ma designer amaonetsapo ntchito zawo, komanso mukhale ndi PDF mufoni kapena pa flash chifukwa netiweki imatha kuthawa nthawi yomwe mukuifunitsitsa. Ngati simunalembedwepo ntchito musadandaule, pangani logo ndi poster za kampani yongopeka, bola munene chilungamo kuti zinali zoyeserera.

Kenako phunzirani kufotokoza ntchito iliyonse, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwera. Akakufunsani kuti bwanji munasankha font (kaonekedwe ka zilembo) iyi kapena mtundu uwu, zoti "ndinangoona kuti zikukongola" sizikuthandizani ayi, nenani kuti kasitomala ankafuna chani, uthengawo umapita kwa ndani, munayesa chani chomwe chinakanika mpaka kufika pa chomwe akuonacho. Kwa ine munthu wofotokoza bwino poster imodzi amaposa uja wabwera ndi zithunzi 40 koma akamufunsa angoti duu.

Za mapulogalamu musaname. Photoshop ndi ya zithunzi, Illustrator ya ma logo poti zojambula zake, zotchedwa vector, siziwonongeka ngakhale muzikulitse mpaka pa billboard, InDesign ya mabuku ndi magazini, Figma ya ma app ndi mawebusayiti. Ngati mumadziwa Canva yokha, pulogalamu yosavuta ija yokhala ndi ma design opangiratu, nenani choncho, chifukwa ena amakukhazikani pa kompyuta pompo kuti mupange kanthu akuona. Mudziwenso kuti zosindikiza zimafuna CMYK (mitundu ya inki), 300 dpi (kuchuluka kwa timadontho pa inchi kuti chithunzi chioneke bwino) ndi bleed (kambali kowonjezera m'mphepete komwe kamadulidwa), nthawi zambiri ya 3mm, pomwe za pa sikirini zimafuna mitundu ya RGB.

Dzulo lake la intavyu onani tsamba la kampaniyo, muone mitundu ndi kalembedwe komwe amakonda.

Akayamba kudzudzula ntchito yanu musatupe mtima, ena amachitira dala kuti aone ngati mumapirira popeza makasitomala amabweza ntchito kangapo. Mvetserani, funsani pomwe sipanawasangalatse, kenako nenani momwe mungakonzere. Akati muli ndi funso musati ayi, funsani kuti design amaivomereza ndani, kasitomala amaloledwa kusintha kangati, komanso laputopu ndi laisensi ya Adobe (eni ake a Photoshop, Illustrator ndi InDesign) ndi za kampani kapena mudzazipezera nokha.