Mmene Mungayezere Ngati Filimu Yotsatira Yafafaniza Kukula kwa Mtengambali Amene Mumamukonda

Filimu yabwino ikatha, woonera amatsala ndi chikhulupiriro chakuti zimene mtengambali, kutanthauza munthu wa m’nkhani ya filimuyo, wavutikira zakhazikika: wadyera uja waphunzira kuganizira anzake, ndipo wothawathawa uja wapeza anthu oti akhale nawo. Pakapita zaka makumi awiri kapena atatu, kampani imatulutsa filimu yotsatira, ndipo timamupeza munthu yemwe uja ali pamene anayambira, atavala malaya akale, akulankhula nthabwala zakale, ngati kuti misozi imene tinakhetsa pa iye inapita pachabe. Ena amasangalala kumuonanso mmene anamudziwira, ena amamva kuti aberedwa, ndipo mkangano wawo suchedwa kusanduka phokoso chifukwa aliyense amangonena za mmene mtima wake wamvera. Nkhaniyi ingathe kuyezedwa modekha, ndipo njira yake ndi imene ndikufotokoza pano. Amene sanaonere mafilimu amene nditchule adziwiretu kuti mathero ake aululika, popeza kukula kwa mtengambali kumaonekera kumathero.

Musanaonere filimu yatsopano, bwererani ku yakale, makamaka ku mphindi makumi awiri zoyambirira ndi makumi awiri zomalizira. Musadalire zimene mukukumbukira, chifukwa pakapita zaka mutu umasunga nkhope, nyimbo ndi mawu otchuka, koma umataya dongosolo la zochitika. Mukatha kuonera, lembani chiganizo chimodzi chonena chinthu chimene mtengambaliyo sakanachita pachiyambi koma anachichita pamapeto. Chiganizocho chinene zochita, chisanene mkhalidwe wokha, chifukwa mawu akuti “anakhala munthu wabwino” sangayezedwe ndi chilichonse. Za Han Solo wa mu Star Wars ya 1977 mungalembe kuti munthu wozembetsa katundu, amene analandira malipiro ake n’kunyamuka nkhondo isanayambe, anabwerera mwa kufuna kwake popanda womulipira kudzateteza Luke Skywalker pamene ankaphwanya Death Star, chida chachikulu cha adani cha m’mlengalenga. Za Luke mu Return of the Jedi ya 1983 mungalembe kuti mnyamata wopupuluma, atagonjetsa bambo ake Darth Vader, anataya lupanga lake la kuwala n’kukana kuwapha. Chiganizo chimenechi ndicho muyeso wanu, ndipo popanda icho mudzangoyerekeza filimu yatsopano ndi ubwana wanu.

Mukayamba kuonera filimu yotsatira, siyanitsani zimene mtengambali wataya ndi zimene wasankha. Apa ndi pamene oonera ambiri amalakwitsa, ndipo ndi poyenera kukhalitsapo. Munthu angathe kutaya udindo, chuma, banja ndi thanzi, koma n’kukhalabe ndi zimene anaphunzira, pakuti moyo sulonjeza kuti amene wakhwima maganizo sadzaonanso tsoka. Filimu ya Creed ya 2015, imene anatsogolera Ryan Coogler, imatipatsa wankhonya Rocky Balboa atatha mphamvu: mkazi wake Adrian anamwalira, mnzake Apollo Creed anamwalira kalekale, iye akuyendetsa malo odyera otchedwa dzina la mkazi wakeyo, ndipo pakati pa nkhani madokotala amamupeza ndi khansa. Pongoona mndandanda wa zotayikazi, wina anganene kuti olemba amulanda zonse. Komatu chimene Rocky anapeza mu filimu ya Rocky ya 1976 sichinali lamba wa nkhonya, chifukwa nkhonya ija analuza pa mapointi. Anapeza kuti angathe kuima mpaka belu lomaliza. Mu Creed, amayamba wakana chithandizo chifukwa anaona mmene matenda omwewo anatengera mkazi wake, kenako Adonis, mwana wa Apollo amene iye akumuphunzitsa nkhonya, amamukumbutsa za kuima kuja, ndipo amavomera. Phunziro lakale layesedwa pa bwalo lina, lolemera kuposa loyamba, ndipo silinagwe.

Mukapeza kuti mtengambali wabwereradi ku khalidwe lakale, funsani chimene chamubwezera, ndiponso ngati filimuyo yakuonetsani chinthucho kapena yangokuuzani. Kubwerera m’mbuyo pakokha si umboni wa kulemba kolakwika, pajatu akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo tonse tikudziwa anthu amene tsoka litawagwera anathawira ku zizolowezi zimene anazisiya kale. Vuto limabwera pamene chifukwa chake chaperekedwa m’ziganizo ziwiri zokha kuti nkhani ifulumire kufika pa zimene kampani ikufuna kugulitsa. Mu The Force Awakens ya 2015, filimu yotsatira ya Star Wars imene anatsogolera J.J. Abrams, Han Solo amene mu 1983 anali mkulu wa asilikali wayambiranso kuzembetsa katundu, ali ndi ngongole kwa magulu a zigawenga monga momwe analili ndi ngongole kwa Jabba the Hutt, ndipo wasiyana ndi mkazi wake Leia. Chifukwa chake n’cholemera: mwana wawo Ben anapandukira kumbali ya mdima. Koma kupandukako, ndi kusweka kwa banjalo, sitikuona ndi maso athu. Timangomva awiriwo akukambirana mwachidule. Chinthu chachikulu kwambiri pa moyo wa munthuyu chachitikira kuseri, pamene jekete yake, mfuti yake ndi chombo chake cha Millennium Falcon zapatsidwa nthawi yokwanira. Kusiyana kumeneku, pakati pa nthawi yoperekedwa ku chifukwa ndi nthawi yoperekedwa ku zokumbutsa zakale, ndi chizindikiro chodalirika kuposa china chilichonse chimene ndikuchidziwa. Mungathe ngakhale kuwerenga mphindi zake pa wotchi.

Njira yomweyo inabwerezedwa mu Indiana Jones and the Dial of Destiny ya 2023, mmene ukwati wa Indiana ndi Marion, umene unatseka filimu ya 2008, wapezeka utasokonekera chifukwa mwana wawo anafera ku nkhondo ya ku Vietnam, imfa imene sitiiona. Alien 3 ya 1992 inachita mwankhanza kuposa pamenepa, popha kamtsikana Newt ndi msilikali Hicks m’mphindi zoyambirira kuti Ripley, mtengambali wamkulu, atsalenso yekha, ngakhale kuti filimu ya Aliens ya 1986 inathera pa kupulumutsa kamtsikanako.

Kudziwa chimene chimakankhira olemba ku njira imeneyi kumathandiza kuti chiweruzo chanu chikhale cholungama. Nkhani imayenda ngati mtengambali akusowa chinachake, ndipo amene filimu yoyamba inamukwaniritsa alibe chomuyendetsa. Wolemba ali ndi njira ziwiri: kumupezera chosowa chatsopano chogwirizana ndi msinkhu wake, kapena kumulanda chimene anapeza kuti achifunefunenso. Yachiwiriyi ndi yosavuta, komanso ndi yosaopsa kwa oika ndalama, chifukwa imabweza munthu amene oonera anamukonda poyamba. Kampani ya Disney inagula Lucasfilm, kampani yopanga mafilimu a Star Wars, mu 2012 pa mtengo wa madola pafupifupi 4 biliyoni, ndipo The Force Awakens inapeza madola oposa 2 biliyoni padziko lonse. Pamene ndalama zafika pamenepo, nkhope yodziwika itavala zodziwika imaoneka ngati chitetezo, ndipo sizodabwitsa kuti boma latsopano limene otengambali analimenyera nkhondo linaphwanyidwa pakati pa filimuyo, kuti kagulu kochepa kalimbanenso ndi gulu lamphamvu monga mu 1977.

Kenako yesani kuchotsa m’maganizo mwanu zinthu zonse zokumbutsa zakale, monga nyimbo, zovala, malo ndi mawu obwerezedwa, n’kuona ngati chochitikacho chikutsala ndi tanthauzo. Kupukwa zakale si mlandu, ndipo filimu yotsatira imene ingakane kukumbukira chilichonse ingakhale yozizira. Chofunika n’chakuti chinthu chakalecho chinene zatsopano. Kumapeto kwa Creed, Rocky amakweranso masitepe otchuka a nyumba yosungiramo zaluso ya ku Philadelphia, amene mu 1976 anawakwera mothamanga, koma tsopano akukwera pang’onopang’ono, akupumira m’njira, Adonis ali pambali pake. Masitepe ndi omwe aja, koma akutiuza kuti zaka 39 zapitadi ndipo munthuyu wazivomereza. Chokumbutsa chimene chimaonetsa kuti nthawi yapita chimalemekeza kukula kwa mtengambali, pamene chimene chimanamizira kuti nthawi sinapite chimakufafaniza.

Pali msampha wina umene uli mwa woonera mwini. Nthawi zina timati filimu yawononga mtengambali pamene kwenikweni yangokana kutipatsa zimene tinkalakalaka. The Last Jedi ya 2017, imene anatsogolera Rian Johnson, ndi chitsanzo chimene chimagawabe anthu. Luke wadzipatula pa chilumba, wataya chikhulupiriro, ndipo mtsikana wotchedwa Rey atamupatsa lupanga lake lakale amaliponya kumbuyo. Mark Hamill, amene amasewera ngati Luke, ananena poyera kuti poyamba sanagwirizane ndi mmene mtengambaliyo analembedwera, ndipo oonera ambiri anafunsa kuti munthu amene anaona ubwino mwa Vader akanatha bwanji kuyatsa lupanga pa Ben, mwana wa mlongo wake Leia, ali m’tulo. Funsoli n’lomveka, ndipo sindikulipeputsa. Koma muyeso wathu ukusonyeza zinthu ziwiri. Choyamba, filimuyi sinabweze Luke kuti ikondweretse opukwa zakale, chifukwa opukwa zakale ankafuna ngwazi yogwetsa adani. Chachiwiri, usiku wa cholakwacho ukuonetsedwa katatu, mosiyanasiyana malinga ndi amene akufotokoza, kotero kuti chifukwa chake chapatsidwa malo. Mu 1983 nayenso Luke anayamba wakwiya n’kudula dzanja la bambo ake asanadziletse, choncho kupupuluma kotsatiridwa ndi kudziletsa ndi khalidwe lake lodziwika. Mungathe kudana ndi chisankho cha olembawo, koma mlandu wake ndi wina, ndipo kuusakaniza ndi wa kupukwa zakale kumasokoneza zokambirana. Ndi bwino kuoneranso filimu yotere kachiwiri patapita masabata angapo, mkwiyo kapena chisangalalo cha tsiku loyamba zitazirala.

Musapereke chiweruzo musanafike pa chisankho chomaliza cha mtengambali, ndipo mukafikapo tengani chiganizo chimene munalemba chija n’kufunsa ngati munthu wa pachiyambi cha filimu yoyamba akanatha kuchita chimenechi. Luke wa 2017 amathera poima pamaso pa gulu lonse la adani popanda kupha ngakhale mmodzi, kuti anzake apeze mpata wothawa, zimene zikugwirizana ndi munthu amene anataya lupanga mu 1983. Han Solo wa 2015, ngakhale anayamba ngati wobwezedwa kumene anachokera, amathera pa mlatho akuitana mwana wake ndi dzina lake lenileni, akudziwa kuti angaphedwe, ndipo amaphedwadi. Wozembetsa katundu wa pachiyambi cha 1977 sakanaponda pa mlatho umenewo. Chiweruzo changa pa filimuyi n’chogawika: chiyambi chake chinabweza munthuyu pofuna kukondweretsa oonera, mathero ake anakumbukira amene iye anakhala, ndipo dandaulo loyenera ndi lakuti ulendo wofika pa mlathowo ndi womwe uja wa 1977, wa munthu wothawa amene amabwerera, m’malo mwa ulendo watsopano wa bambo ndi mwamuna wapabanja.

Pomaliza kuyeza, onani ngati phunziro la filimu yatsopano ndi lobwereza kapena lomangidwa pamwamba pa lakale. Toy Story 4 ya 2019 ndi poyeserapo pabwino, chifukwa ambiri anaona kuti nkhani inatha bwino mu 2010 pamene Andy anapereka zidole zake kwa Bonnie. Mu filimu yachinayi Woody, chimodzi mwa zidolezo, amasiya Bonnie ndi anzake n’kutsala ndi chidole chinzake Bo Peep, ndipo ena amati zimenezi zikutsutsa kukhulupirika kumene kunali maziko ake. Mukalemba chiganizo chanu kuti Woody anaphunzira kusasiya mwana amene amasewera naye, filimuyi yachiphwanya. Mukalemba kuti anaphunzira kulola kuti nthawi yake ndi mwana ithe popanda kuwawidwa mtima, filimuyi yachipititsa patsogolo, popeza Bonnie anali atasiya kale kusewera naye ndipo Woody anapereka baji yake kwa chidole chinzake Jessie asanachoke. Anthu awiri akasiyana pa filimu ngati imeneyi, ayambe aonetsana ziganizo zimene analemba za filimu yakale, chifukwa kawirikawiri kusiyana kwawo kumakhala kutayambira pamenepo, filimu yotsatira isanapangidwe n’komwe.