Momwe ndinamatira transducer mkati mwa boti

Transducer (kachipangizo kotumiza mawu m'madzi n'kumva akabwerera, njira yotchedwa sonar) ya makina anga ofufuzira nsomba inali kunja, kumbuyo kwa boti, ndipo ndikangothamanga thovu linkasokoneza chithunzi. Ndinaganiza zoilowetsa mkati, poti boti langa ndi la fiberglass yokhayokha. Likanakhala lamatabwa sizikanatheka, mawu a sonar sadutsamo bwino.

Ndinaiika m'pulasitiki yodzaza madzi, n'kumaisunthasuntha pansi chakumbuyo boti lili pamadzi, mpaka kuya kunaoneka bwino. Pamenepo ndinakwecha ndi sandipepa, kupukuta mpaka pataumiratu, n'kuthirapo epoxy (guluu wochita kusakaniza) youma mochedwa. Posakaniza musafulumire ayi, chifukwa timathovu ta mpweya totsalira m'katimo ndi timene timapha chithunzi. Transducer ija ndinaidinikiza pa epoxy moipotoza, n'kuikapo chinthu cholemera usiku wonse.

Tsopano imawerenga kuya ngakhale ndikuthamanga, kungoti kutentha kwa madzi siionetsanso molondola.