Mmene tinameretsera njere za msangu zimene ana anatola

Ndimaphunzitsa ana a sukulu ya mkaka, ndipo m'chilimwe tinatola zikhokhombe za msangu kuti anawo aone mmene mtengo umayambira. Tinafesa njerezo m'machubu, koma patatha masabata atatu palibe inamera, moti ana anayamba kugwa ulesi.

Poyamba ndinawonjezera kuthirira, koma dothi linangochita ndere. Njere zina zimene tinasunga m'jumbo zinachita chuku chifukwa sizinaume bwino.

Tinayambanso motere. Tinayanika zikhokhombe, kuzisenda, ndi kuponya njerezo m'beseni la madzi, ndipo zoyandama ndi zobooledwa ndi tizilombo tinazitaya. Chimene chinathandiza kwambiri ndi kucheka khungu la njere. Khunguli ndi lolimba moti madzi salowa, n'chifukwa chake kutchire njere zambiri zimamera zikadutsa m'mimba mwa mbuzi kapena ng'ombe zimene zimadya zikhokhombezo. Ndinatenga chowengera zikhadabo n'kudula pang'ono m'mphepete mwa njere iliyonse, kutali ndi kaso kamene pamatulukira muzu, ndipo ntchitoyi ndinaigwira ndekha poopa kuti ana angadzicheke. Iwo ananyika njerezo m'madzi usiku wonse, ndipo m'mawa anadabwa kuziona zitafufuma.

Tinafesa m'mapaketi akale a shuga oboola pansi, choncho sitinawononge ndalama. Sabata isanathe zambiri zinamera. Mbandezo tidzaziwokera kumunda mvula ikayamba, pakuti msangu umayoyola masamba m'dzinja n'kuwonjezera chonde m'nthaka popanda kutchinga chimanga.