Momwe mungaphunzirire hammer-on ndi pull-off pa ukulele

Mukamuyang'anitsitsa katswiri wa ukulele, muona kuti dzanja lake lamanja lakodola nsambo kamodzi kokha, koma m'makutu mwanu mwalowa manotsi awiri kapena atatu olumikizana bwinobwino. Enawo akutuluka ku dzanja lamanzere, lija lagwira khosi la chidacho. Maluso awiri amene akugwiritsa ntchito amatchedwa hammer-on ndi pull-off, ndipo ngati munaimbapo gitala kapena banjo ya pagaloni, mwina munkawachita kale osadziwa mayina ake.

Ukulele kwawo ndi ku Hawaii, ndipo inachokera ku tizida ta Apwitikizi a ku Madeira amene anafika kumeneko mu 1879. Kathupi kake n'kakang'ono, nsambo zake zinayi n'zanayiloni, kotero mawu ake sachedwa kuzilala. Apa ndiye pagona vuto la wophunzira: mukazengereza pang'ono, chala chimakafika nsambo itatonthola kale.

Choyamba chunani chidacho: G, C, E, A, kuyambira nsambo yapamwamba kutsikira yapansi. Nsambo zatsopano zimatamuka kwa masiku angapo, choncho musadabwe mukamachuna pafupipafupi.

Tiyambe ndi hammer-on. Sankhani nsambo ya C, yachiwiri kuchokera pamwamba, popeza ndiyo yonenepa ndipo imalira mokhalitsako. Ikodoleni ndi chala chachikulu chamanja musanagwire paliponse. Ikadali kulira, gwetsani nsonga ya chala chapakati chamanzere pa fret yachiwiri (ma fret ndi timipata ta pakhosi la chidacho togawidwa ndi tizitsulo, ndipo amawerengedwa kuyambira kumutu kwake). Dzanja lamanja lisakodolenso. Mukachita bwino mumva C kenako D.

Chala chitere pafupi ndi kachitsulo ka fret, kumbuyo kwake pang'ono, osati pamwamba pake penipeni. Chikatera chikhale pomwepo chitapanikiza. Chikadumpha ngati chaponda khala, mawu afa. Ndipo dzina lakuti hammer, kutanthauza nyundo, lisakunamizeni. Ine nditangoyamba ndinkakweza chala m'mwamba kwambiri n'kumenya ngati ndikukhoma msomali, mpaka chala chachikulu chakumbuyo kwa khosi chinkawawa, koma chotuluka chinali "phu" basi. Chofunika ndi liwiro. Chala chichokere pafupi, sentimita imodzi kapena kuposera pang'ono, n'kutera mwachangu, dzanja lili lomasuka. Mukazolowera, yesani ndi chala chamkombaphala pa fret yoyamba ya nsambo ya E, kenako chala champhete pa fret yachitatu. Kachala komalizira kadzakuvutitsani masabata angapo, kapirireni.

Pull-off ndiye imasokoneza anthu ambiri, chifukwa amaganiza kuti ndi kungochotsa chala. Yesani nokha muone: gwirani nsambo, ikodoleni, nyamulani chala molunjika m'mwamba. Notsi yachiwiri imveka ngati munthu akunong'ona kuseri kwa chitseko. Pull-off yeniyeni ndi kukodola nsambo ndi chala chamanzere. Pochoka, chalacho chimakoka nsambo pang'ono cholozera pansi n'kuitaya, ndipo kukokako ndi kumene kumaipatsa mphamvu zatsopano.

Pano yambirani pa nsambo ya A, yapansi kwenikweni. Chifukwa chake n'chakuti kunsi kwake kulibe nsambo ina yoti chala chikaigunde mwangozi. Ikani chala chapakati pa fret yachiwiri, kodolani ndi dzanja lamanja, kenako kokerani pansi ndi mnofu wa kunsonga kwa chala. Mumva B kenako A. Mukakoka mopyola muyeso, nsambo imapindika isanachoke ndipo notsi yoyamba imakwera n'kumveka yosachunidwa. Mukakoka mwamantha, yachiwiri simveka. Pakati pa ziwirizi m'pamene muyenera kufufuza ndi khutu lanu, ndipo palibe angakupimireni.

Zikatheka, onjezani chala china. Ikani zala ziwiri nthawi imodzi, champhete pa fret yachitatu ndi chapakati pa yachiwiri. Kodolani kamodzi, kokani champhete, kenako chapakati: C, B, A. Chala chachiwiricho chikhale chitapanikiza kale choyamba chisanachoke. Mukamachiika mochedwa, nsambo imayamba yalira yosagwira ndipo mzere wonse umasokonekera. Mukabwerera pa nsambo ya C kapena E, chepetsani kakokedwe kuti musagunde yoyandikana nayo.

Pa tab, yomwe ndi njira yolembera nyimbo ndi manambala a ma fret, hammer-on amailemba ndi h ndipo pull-off ndi p. Mukaona 0h2, ndiye kuti kodolani yosagwira n'kumenya pa fret yachiwiri. 2p0 ndi kubwerera. 0h2p0 ndi zonse ziwiri pa kukodola kumodzi. Yesererani imeneyi ndi metronome ya pafoni (kachida kogunda mofanana kokuthandizani kusunga nthawi) itaikidwa pa kugunda 60 pa mphindi, notsi imodzi pa kugunda kulikonse. Chizolowezi cha ambiri n'kuthamangira notsi yachiwiri poopa kuti mawu azilala, ndiye nyimbo imatsimphina. Dzijambuleni mawu pafoni mumvetsere. Mudzazimva nokha zimene simumva poimba.

Musachedwe nazo zoyeserera zouma, ziloweni m'nyimbo. Gwirani kodi (manotsi angapo olira pamodzi) ya Am, yomwe ndi chala chapakati chokha pa fret yachiwiri ya nsambo ya G. Lizani nsambo zonse zinayi, kenako menyani chamkombaphala pa fret yoyamba ya nsambo ya E. Mwalowa mu F popanda kulizanso. Pa kodi ya C, chitani pull-off kuchoka pa fret yachitatu ya nsambo ya A, n'kubwezeranso chala ndi hammer-on. Nyimbo ya makodi atatu imene munatopa nayo imvekanso yatsopano.

Mphindi 10 tsiku lililonse zikukwanira. Nsonga za zala zikayamba kuwawa, pumulani musanachite matuza. Ngati patatha masabata awiri mukumenya molondola koma mawu akukanabe, yang'anani mpata wa pakati pa nsambo ndi fret ya 12. Ukapitirira mamilimita atatu, nsambo zakwera kwambiri, zomwe zimachitika kawirikawiri pa ukulele zotsika mtengo, ndipo wokonza magitala akhoza kukutsitsirani popala kafupa kamene nsambo zimatsamirapo kumimba kwa chidacho.