Roma pa mausiku atatu ndi kachikwama kamodzi

Alamu anga ndi Mkatolika wosasiyana ndi kolona, ine ndine wa CCAP, ndipo tonse timagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Manchester, makamaka usiku. Kwa zaka zinayi ankangoti sadzafa asanapondeko ku Roma. Mu Novembala 2024 tinapitadi, kunyamuka Lachiwiri m'mamawa n'kubwerako Lachisanu madzulo. Chibwerereni, anzathu akumudzi amene ali kuno sasiya kundifunsa kuti tinawononga zingati. Ndimawauza kuti mu Roma mwenimwenimo ndalama sizithamo kwambiri. Zimathera kuno musananyamuke, ndipo mukafika zimathera pampando. Za mpandozo ndifikapo.

Choyamba ndi viza, ndipo musagule kanthu kosabwezeka musanaiganizire. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi ngati ife, chilolezo chanu chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Italy. Pafunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy. Kuyambira mu Juni 2024 munthu wamkulu amalipira mayuro 90, kuwonjezerapo ndalama ya kampani imene imalandira mafomu m'malo mwa ofesi ya kazembe. Amafuna pasipoti imene idzakhale isanathe kwa miyezi itatu kuchokera tsiku lobwerera, ya masamba awiri opanda chidindo, inshulansi ya paulendo yofika mayuro 30,000, mapepala akubanki, kalata ya kuntchito, umboni wa malo ogona ndi wa ndege. Mumapita nokha kuti akatenge zidindo za zala. Yankho nthawi zambiri limatuluka m'masiku 15, koma chovuta si yankholo ayi, ndi kupeza tsiku loti mukapereke mafomuwo. Lamulo limalola kufunsira miyezi 6 ulendo usanafike, ndiye yambani kusaka tsikulo msanga. Malo ogona sungitsani amene amalola kusintha maganizo osalipira. Kwa ife vizayo inadula kuposa tikiti ya ndege, ndipo alamu anadandaula nazo mpaka m'ndegemo.

Ndege zotchipa zimatchipadi ngati mwasankha pakati pa sabata ndiponso miyezi yozizira, Novembala, Januwale kapena Febuluwale. Mu Julayi ndi Ogasiti dzuwa la ku Roma ndi la ku Nsanje, anthu ali thithithi, mitengo m'mwamba. Msampha wa ndegezi uli pachikwama. Chaulere ndi kachikwama kolowa pansi pa mpando basi. Alamu ndinawauza kawiri, koma iwo analongedza zitenje zitatu, nsapato za kutchalitchi, nsapato zina zoti mwina, ndi fulasiki. Pachipata anawauza kuti achilowetse m'kachitsulo koyezera kaja. Anakankha, anakhalira, chikwama chinakana. Zimene analipira pamenepo zikanatidyetsa masiku awiri. Pa mausiku atatu mufunika zovala zosinthira ziwiri, jekete ya mvula, chitenje chimodzi, botolo lopanda madzi, ndi kachipangizo kolumikizira pulagi, chifukwa mapulagi athu a mano atatu sakwana m'makoma a ku Italy. Nsapato ndi zomwe mwavalazo, ndipo zikhale zakale zozolowera phazi. Misewu ya pakati pa mzinda ndi ya timiyala takuda totchedwa sampietrini, toterera kukagwa mvula, ndipo nsapato zatsopano zimabala matuza tsiku loyamba lomwe.

Roma ali ndi mabwalo a ndege awiri. Kuchokera ku Fiumicino pali sitima ya Leonardo Express, mayuro 14, mphindi 32 kufika pa Termini, siteshoni yaikulu. Mabasi amatchipa kuposa pamenepo koma amachedwa. Ife tinatera ku Ciampino n'kukwera basi ya mayuro osafika 10, ndipo pasanathe ola tinali pa Termini. Tinagona dera lomwelo. Si dera lokongola, usiku mumayenda mwatcheru, koma njanji ziwiri za sitima ya pansi, A ndi B, zimakumana pomwepo, ndipo zipinda zimatchipa. Palinso nyumba za alendo zoyendetsedwa ndi masisitere, zaukhondo ndi zabata, kungoti zambiri zimatseka chipata usiku pa nthawi yake. Kulikonse kumene mugone, dziwani kuti pali msonkho wa mzinda, mayuro angapo munthu aliyense usiku uliwonse, umene nthawi zambiri suli pamtengo mudaona pa intaneti uja. Sungani ndalama yapamanja ya zimenezo.

Tikiti ya basi inali yuro imodzi ndi theka, yogwira mphindi 100, ndipo yomweyo imakulowetsani kamodzi m'sitima ya pansi. Amagulitsa m'timashopu ta fodya tokhala ndi chikwangwani cha T wamkulu. Mukakwera basi muidinditse m'kamakina, apo ayi oyendera akakupezani ndi chindapusa, ulendo wanu sawumvera chisoni. Khadi la kubanki longogunditsa limagwiranso. Koma ife pa ulendo wonse tinakwera kasanu kokha. Zoona zambiri zili moyandikana, ndipo zabwino kwambiri tinazipeza titasochera.

Matikiti ogulira kuno ndi amodzi basi: a Colosseum, bwalo lalikulu lamasewera la Aroma akale. Anali mayuro 18, ndipo tikiti yomweyo imakulowetsani ku Foro Romano, mabwinja a pakati pa mzinda wakale, ndi kuphiri la Palatino. Gulani pa tsamba lenileni la malowo, osati kwa ogulitsanso amene amabwera pamwamba mukafufuza pa Google, amene amawirikiza mtengo. Tikitiyo imalembedwa dzina lanu ndi ola lolowera, ndipo pakhomo amafuna chiphaso, choncho pasipoti ikhale pathupi. Lamlungu loyamba la mwezi kulowa n'kwaulere, koma mzere wake ndi wa petulo kwathu kuja. M'nyengo yozizira amatseka msanga, cha m'ma 4:30 madzulo.

Colosseum anaitsegula m'chaka cha 80, mu ulamuliro wa Titus, ndipo munkalowa anthu pafupifupi 50,000. Ndi yaikulu ndithu, koma ndinene zoona, mphindi 40 zinandikwana. Chimene chinandigwira mtima chili panja, polowera ku Foro. Pali chipata chamwala cha Titus yemweyo, ndipo mukaima patsogolo pake n'kuyang'ana mkati, muona asilikali osemedwa atasenza choikapo nyale cha nthambi 7, chimene analanda m'kachisi wa ku Yerusalemu atawononga mzindawo m'chaka cha 70. Nkhani imene tinkaimva ku Sande sukulu ngati nthano, apa ili pamwala, yosemedwa ndi anthu amene anapambana nkhondoyo, akudzitama nayo. Alendo ambiri amangodutsa akujambulana. Ine ndinaima mpaka alamu anandikoka dzanja.

Ku Vatican n'kumene anthu amaganiza kuti ndalama zithera, pamene zofunika kwambiri n'zaulere. Lachitatu m'mawa, Papa akakhalapo, amakumana ndi anthu, ndipo matikiti ake salipiritsa, mumangofunsira pasadakhale ku ofesi yoona za nyumba ya Papa. Wina akafuna kukugulitsani, akukuberani. Ife tinamuona Papa Francis akudutsa pagalimoto yake yoyera, patali ndithu, koma alamu anaimba nthungululu mpaka masisitere a ku Philippines amene anali pambali pathu anaseka. Lamlungu 12 koloko masana Papa amaonekeranso pazenera, popanda tikiti. Kumbukirani kuti msonkhano wa Lachitatuwo ukakhala pabwalo, tchalitchi cha Petro Woyera chimakhala chotseka mpaka masana. N'chifukwa chake ife tinabwereranso Lachinayi.

Tchalitchicho chimatsegulidwa 7 koloko m'mawa, kulowa n'kwaulere. Lawirirani. Tinatsika sitima pa Ottaviano kukadali kamdima, ndipo pamalo ofufuzira zikwama tinapeza anthu owerengeka. Potuluka cha m'ma 10 koloko mzere unali utazungulira bwalo. Mapewa ndi mawondo zikhale zophimbika, amuna ndi akazi omwe, ndipo apa chitenje chija chimagwira ntchito. Mukalowa, kudzanja lamanja kuli manda a Papa John Paul II. Alamu anali mtsikana wamng'ono pamene Papayo anabwera ku Malawi mu 1989, ndipo amakumbukira kuti mayi awo anawanyamula paphewa kuti aone. Anagwada pamenepo nthawi yaitali. Ine ndinawasiya n'kukakwera denga lozungulira la tchalitchicho: masitepe 551, mayuro 8 pa nthawiyo, kapena 10 ngati mukwera chikepe mbali yoyamba, komabe amatsala 320 oti mukwere nokha. Chakumapeto khoma limapendekeka ndipo njira imachepa moti munthu wonenepa amadutsa chammbali. Ngati mawondo amakuvutani, musayerekeze.

Nyumba zosungiramo zakale za Vatican, kumene kuli Sistine Chapel, tchalitchi chotchuka ndi zojambula zapadenga, zinali mayuro 20 ndipo zimadya theka la tsiku. Tinazisiya, ndipo sindikudandaula. Matchalitchi a m'misewu ali ndi zinthu zoti kwina mukanalipira. Ku San Pietro in Vincoli kuli chosema cha Mose cha Michelangelo, chokhala ndi tinyanga pamutu, misempha ya m'manja ikuoneka ngati muli magazi. Ku San Luigi dei Francesi kuli zithunzi zitatu za Caravaggio za Mateyu. Mumaponya kandalama m'kabokosi kuti nyale iyake, kapena, ngati ife, mumadikira kuti wina aponye. Ambiri mwa matchalitchiwa amatseka masana kwa maola angapo, ndiye onani nthawi. Pantheon yokha, kachisi wakale wa Aroma amene tsopano ndi tchalitchi, ndi imene tinalipira, mayuro 5. Yakhala chiimire kuyambira nthawi ya mfumu Hadrian, zaka pafupifupi 1,900, ndipo denga lake lili ndi chibowo pakati. Kunagwa mvula tili mkati, madzi n'kumatsika ngati chingwe, n'kumalowa m'timabowo tapansi. Kasupe wa Trevi tinamupeza wouma, akumukonza pokonzekera Chaka Choyera cha 2025, ataika kadziwe kakang'ono koti anthu aziponyamo makobidi. Choncho musananyamuke fufuzani ngati chimene mukuchifunitsitsacho sichikukonzedwa. Pa masitepe a Piazza di Spagna musakhale pansi, analetsa mu 2019 ndipo apolisi amaimba wenzulo.

Tsopano za mpando zija. Ku Italy khofi womwera chiimire pakauntala ndi wa yuro imodzi ndi timakobidi. Khofi yemweyo mukakhala patebulo la panja pamalo a alendo, mtengo umasintha. Tsiku loyamba miyendo itatopa tinakhala pa lesitilanti ina pafupi ndi bwalo lotchuka, osafunsa kanthu. Makapu awiri, botolo la madzi, ndi buledi amene sitinaitanitse koma tinadya. Bilu itabwera alamu anavala magalasi, anavula, anavalanso. "Alamu, kodi tagula ndi tebulo lomwe?" Safunsa anadya phula. Kuyambira pamenepo tinkadya ngati eni mudzi. Pizza al taglio amadula ndi sizasi n'kuyeza pasikelo, inu mumangosonyeza ndi manja kukula kwake. Supplì ndi mpunga wokulunga wokazinga wokhala ndi tchizi mkati, ziwiri mimba yakhala pansi. Madzulo tinkagula buledi, tomato, nkhuku yootcha ndi zipatso m'supamaketi. Chakudya chapampando chikhale chimodzi patsiku, kutali ndi zipilala, ndipo pewani malo amene munthu waima pakhomo akukuitanani. Mukaona nsomba yalembedwa kuti all'etto, mtengowo ndi wa magalamu 100, osati wa mbale. Amene mwasowa zakwathu, msika wa Esquilino pafupi ndi Piazza Vittorio uli ndi chinangwa, therere ndi nsomba zouma.

Madzi musagule. Mzinda wonse uli ndi mipope yachitsulo yotuluka madzi usana ndi usiku, eni ake amati nasoni, kutanthauza mphuno zikuluzikulu. Madzi ake ndi ozizira, abwino kumwa. Mukatseka kukamwa kwa mpopewo ndi chala, madzi amatumphukira m'mwamba kudzera pakabowo kapamwamba, inu n'kumwa osawerama kwambiri. Ndinaphunzira kwa kamnyamata ka sukulu, ndipo nditayesa ndinanyowetsa bulauzi yonse.

Opisa m'matumba aliko, makamaka m'basi nambala 64 yochoka pa Termini kupita cha ku Vatican, ndi m'sitima ikadzaza. Chikwama chikhale kutsogolo, foni isakhale m'thumba lakumbuyo. Pafupi ndi Colosseum mukumana ndi anyamata, ambiri ndi abale athu a kwathu ku Africa, okupatsani moni wachibale n'kukumangani kachingwe padzanja ati ndi mphatso, kenako n'kufuna ndalama. Moni yankhani, dzanja musapereke.

Lachisanu m'mawa inali nthawi yanga. Tinakwera sitima B mpaka pa Basilica San Paolo, kutchalitchi chimene mwambo wa mpingo umati pali manda a Paulo, uja anakhala zaka ziwiri mu Roma m'nyumba ya lendi. Kulowa n'kwaulere ndipo munali phee, anthu ochepa, m'mwamba mwa zipilala mutandandalikidwa nkhope za apapa onse kuyambira Petro. Alamu anayamba kuwawerenga, anasokonezeka cha pa 90, n'kuyambiranso. Ndinawakumbutsa kuti kubwalo la ndege ife a mapasipoti akunja tili ndi mzere wathuwathu wodindira, ndipo basi ya ku Ciampino sidikira munthu. Fulasiki ija anaisiyira mayi wokonza m'chipinda, zitenje ziwiri anazimanga m'chiuno pansi pa jekete, ndipo ulendo uno chikwama chinalowa m'kachitsulo kaja.